Msika wa utsi: amachepetsa mpweya woipa ndani?

Ambiri akamva kuti makampani amagulitsana zilolezo zotulutsira mpweya woipa, amati ndi chinyengo, olemera akungogula ufulu woononga nyengo. Kudandaulako n'komveka, koma vuto silili pa malondawo.

Boma limayamba laika malire a matani a mpweya woipa wa carbon dioxide amene mafakitale ndi malo opangira magetsi angatulutse pa chaka. Kenako limatulutsa zilolezo zokwana chiwerengero chimenecho, chilolezo chimodzi tani imodzi. Chaka chikatha, kampani iliyonse imabweza zilolezo zolingana ndi utsi umene yatulutsa. Kampani ya magetsi itha kusiya malasha n'kuyamba gasi kapena mphepo, zilolezo zina n'kuitsalira, ndiye imagulitsa. Ya simenti imavutika, poti mpweya wake wambiri umachokera m'mwala wa laimu weniweniwo ukamaotchedwa, osati m'moto wokha. Imeneyi imagula. Utsi wonse ukauphatikiza sudutsa malire, ndipo wachepa kumene kuuchepetsa kunali kotchipa.

Choncho malondawo amangosankha woti achepetse. Kuchuluka kwa utsi kumadalira malire aja, ndipo oika malirewo ndi andale, omwe khutu lawo silitalikira eni mafakitale.

Mayiko a European Union anayamba msika wawo mu 2005. Maboma anagawa zilolezo, zambiri mwa izo zaulere, kuposa utsi umene unalipo. Pofika 2007 mtengo unali utagwa mpaka pafupifupi ziro, makamaka poti zilolezo za gawo loyamba la msikawo (2005 mpaka 2007) sizinkagwiranso ntchito mu 2008. Mavuto a zachuma a 2008 atafooketsa mafakitale, zilolezo zinaunjikananso, moti mu 2013 tani inkagulidwa ndi mayuro osakwana 5. Pa mtengo wotero palibe bwana angazimitse ng'anjo ya malasha. Mtengo unayamba kukwera mu 2018, mayikowo atagwirizana kuti kuyambira 2019 azichotsa pamsika zilolezo zotsalira n'kuziika m'nkhokwe yotchedwa Market Stability Reserve. Mu Febuluwale 2023 unadutsa mayuro 100.

China inatsegula msika wake wa dziko lonse mu 2021, kuyambira ndi makampani a magetsi. Kumeneko zilolezo zimagawidwa potengera magetsi amene kampani yapanga. Ikapanga ambiri, imalandiranso zambiri, ndiye utsi wonse utha kukwera malonda akuyenda bwinobwino.