Fisi wa m'nthano sapita kukhoti

Mkanganowu ndinaumva pakhonde la nyumba ina ku Area 25, pomwe achinyamata okonda kulemba amakumana Loweruka masana n'kumawerengerana zomwe alemba. Mtsikana wina anawerenga nthano yake. Nyama zinasankha fisi kuti akhale mlonda wa khola la mbuzi, zinamusokera mkanjo n'kumupatsa ndodo, ndipo m'mawa uliwonse fisiyo ankaitanitsa msonkhano wofufuza chifukwa chomwe mbuzi zikucheperachepera. Tinaseka mpaka misozi. Mnyamata mmodzi yekha sanaseke. Anati, "Achemwali, nthanoyi ndi yokoma, koma fisiyu ali ndi dzina, ali ndi nambala ya galimoto, ndipo tonse tikudziwa khomo la ofesi yake ku Kapitolo. Mukumubisiranji?" Mwini nyumba, mphunzitsi wopuma ntchito amene tonse timangoti agogo, anayankha mosakweza mawu: "Mwanawe, iwe unabadwa m'nthawi ya matipate. Sukudziwa kuti fisi ameneyu anapulumutsa makosi a anthu angati."

Kuphiphiritsa sikunayambe ndi ndale za zipani. Kuno kuchigawo chapakati, mayi amene mwamuna wake wamwera ndalama za fodya sankapita kukamuloza chala pabwalo. Ankatenga musi, kuitana mnzake, ndipo nyimbo ya pamtondo inkanena zonse popanda kutchula munthu. Gule wamkulu nayenso ndi choncho. Chilombo chikatuluka kudambwe chimavina khalidwe la munthu, kaya waumbombo, kaya wachiwerewere, kaya wodzikuza. Ngakhale mzungu sanasiyidwe, poti Simoni wa nkhope yofiira uja anabwera m'gule kudzanyogodola alendo amene sakanatheka kuwatsutsa maso ndi maso. Chofunika kuchiona apa n'chakuti kumudzi wonenedwayo amakhala ali pompo. Akumva mtondo ukulira ali pakhonde pake. Apongozi ake akumva, ankhoswe akumva, amfumu akumva. Dzina silitchulidwa kuti munthuyo apeze mpata wosintha osataya ulemu wake wonse, koma uthenga wafika, ndipo aliyense akuona ngati mawa adzadzuke wosintha kapena ayi.

Lilongwe wa boma anamangidwa mwa mtundu wina. Ganizo losamutsa likulu kuchoka ku Zomba linali la Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo Angelezi atakana kuthandiza, ngongole yoyambira inachokera ku boma la tsankho la South Africa mu 1968. Mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Amene anajambula mapulani anaika maofesi a boma paphiri lawolawo, kutali ndi msika, kutali ndi Kawale, Biwi ndi Mchesi, pakati n'kusiyapo nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi (yomwe, mosaphiphiritsa konse, muli afisi enieni oyenda mumzinda usiku). Munthu wa ku Chinsapo angaimbe pamtondo tsiku lonse, ku Kapitolo sikumveka.

M'zaka zomwezo pakamwa pa anthu pankatsekedwa ndi malamulo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Mu 1967 kunabwera lamulo loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina, lomwe linkati kunyoza Pulezidenti ndi mlandu. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe lounika mabuku, masewero ndi mafilimu, ndipo gulu la zisudzo linkayenera kutumiza sewero lake kuti liwerengedwe lisanaonetsedwe. Mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti wamuyaya. Wayilesi inali imodzi, MBC. Wayilesi ya kanema kunalibe mpaka 1999. Ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, mwana aliyense wa sukulu ankaziloweza. Ayufi ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani, apayoniya ali m'mbali, ndipo munthu ukalankhula mopotoka m'basi sunkadziwa kuti wakhala pambali pako ndani. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Ngati nduna zinkatha choncho, mphunzitsi wolemba ndakatulo anali ndani?

Apa m'pamene kalulu, fisi, fulu ndi njovu analowa usilikali. Ku Chancellor College, kuyambira 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ankakumana m'gulu la alembi n'kumanolerana luso lolankhula kawiri m'mawu amodzi: wounika wa boma awerenge za chilala, mvula ndi mizimu ya makolo, mnzako awerenge za Ngwazi. Agogo aja amati m'masiku amenewo munthu ankawerenga ndakatulo ngati mmene mlenje amawerengera mapazi a nyama, ndipo kumvetsa kokhako kunkakupangitsa kucheuka kuti uone ngati wina wakuona ukumwetulira.

Koma ndisanamize munthu kuti chigobachi chinkateteza nthawi zonse. Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor, anasindikiza buku la ndakatulo ku London mu 1981, ndipo pamutu pa bukulo panali bilimankhwe, kanyama kosintha mtundu komwe anzathu akummwera amati nanzikambe. Bukulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu mu 1985. Mu September 1987 apolisi anamugwira ku Zomba, ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka May 1991 osazengedwa mlandu uliwonse. Olamulira nawonso anakulira pamoto akumva nthano; ankadziwa kuti fisi ndani.

Mnyamata wa pakhonde uja akanakhala wodziwa mbiri, mfundo yake yamphamvu ikanachokera mu 1992. Chimene chinang'amba khoma sichinali nthano. Pa 8 March chaka chimenecho, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, yolembedwa m'mawu osazungulira: malipiro a anthu osauka ndi ochepa, zipatala zilibe zokwanira, anthu akutsekeredwa popanda mlandu, Amalawi akuopa kulankhula. Boma linati kusunga kalatayo ndi mlandu woukira, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Pasanathe mwezi, pa 6 April, Chakufwa Chihana anatsika ndege pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, pepala lili m'manja, n'kuyamba kuwerenga mawu ofuna ulamuliro wa zipani zambiri, anamugwira asanamalize. Pa 14 June 1993 kunachitika riferendamu, nyali ya ofuna zipani zambiri kulimbana ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo nyali inapambana ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse. Ife a kuno tisamaiwale kuti ambiri a chigawo chapakati anavotera tambala. Mu December chaka chomwecho asilikali analanda zida apayoniya pa Operation Bwezani, mfuti zikulira mumzinda muno, ndipo pa 17 May 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho.

Agogo akamva mfundoyi amagwedeza mutu n'kunena kuti kalata ija inagwera panthaka yolimidwa kale: anthu anali atazolowera kumva zosanenedwa, ndiye tsiku lomwe wina ananena poyera, aliyense anali akudziwa kale kuti n'zoona. Mwina. Ine ndimaona kuti pamenepa agogo amapatsa alembi ulemu wopitirira, poti anthu ambiri amene anavotera nyali sanawerengepo ndakatulo ya Chingerezi. Chimene anawerenga chinali mtengo wa feteleza ndi khadi lomwe ankagulira ngakhale mwana wosabadwa.

Pambuyo pa 1994 nyuzipepala zinamera ngati bowa, ndipo zambiri zinafota msanga. Mayina anayamba kutchulidwa, nthawi zina mopyola muyeso. Nyumba ya Malamulo inasamukira ku Lilongwe, n'kuyamba yakhala m'nyumba yachifumu yomwe Kamuzu anamanga, mpaka Bingu wa Mutharika anaitulutsamo atalowa m'boma mu 2004. Nyumba yakeyake, yomangidwa ndi dziko la China, inatsegulidwa mu 2010 pafupi ndi chiliza cha Kamuzu. Ukaima pamsewu n'kuyang'ana nyumba ziwirizi zitayandikana, nthano imadzilemba yokha. Ndipo mantha sanapite kutali: mu February 2011 mphunzitsi wa zandale ku Chancellor, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, ndipo pa zionetsero za pa 20 July chaka chomwecho anthu pafupifupi 20 anafa, ena a mumzinda muno.

Chimene chinasintha mkanganowu kwenikweni, kwa ine, ndi Cashgate. Usiku wa pa 13 September 2013, mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Area 43. M'masabata omwewo apolisi ankapeza mipukutu ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma a malipiro ochepa. Njira yake inali yosavuta kuimva: munthu ankalowa m'makina olipirira a boma otchedwa IFMIS, kulemba cheke cha kampani yomwe sinagulitse ngakhale singano, ndalama n'kutuluka kubanki, kenako n'kufufuta zonse m'kompyuta. Pulezidenti Joyce Banda anathetsa nduna zake mu October, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa pafupifupi madola 150 miliyoni a bajeti. Kampani ya ku Britain yowerengera ndalama, Baker Tilly, inapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuchokera April mpaka September 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni zinasololedwa; lipoti lotsatira linakweza chiwerengerocho kufika pa K24 biliyoni.

Tsono taonani ichi. Lipoti loyamba litatuluka mu February 2014, munalibe mayina. Munali ziwerengero, munali njira, koma anthu ndi makampani anabisidwa, ati pofuna kuti milandu isasokonekere kukhoti. Mayina anadzatuluka kumapeto kwa chakacho, chisankho chitadutsa. Zofanana nazo zinaonekanso mu June 2022, pomwe Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza mtundu kuti lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB lili ndi mayina 84 a anthu oganiziridwa, koma amene anawatchula anali owerengeka pazala. Luso lomwe alembi analinola pothawa boma, boma linaliphunzira. Masiku ano amene amati "anthu ena ake", "akuluakulu ena", "manja ena osaoneka" kawirikawiri ndi munthu wovala tayi ali pa maikolofoni ku Kapitolo. Ndiye mlembi akabweranso ndi fisi, wakuba weniweni amaseka nafe limodzi, amagula bukulo, mwinanso n'kukhala mlendo wolemekezeka pa mwambo wolikhazikitsa. Khoswe wakhala pamkhate, ndipo waphunzira kuwomba m'manja.

M'milandu ya Cashgate ena anamangidwadi: Treza Senzani, yemwe anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, anagamulidwa zaka 3 mu 2014, ndipo wamalonda Oswald Lutepo zaka 11 mu 2015. Onsewa anagwa ndi macheke, masiginecha ndi maakaunti a kubanki. Ngakhale chisankho cha May 2019 chinathetsedwa pa 3 February 2020 chifukwa oweruza asanu, atakhala muno mu Lilongwe, anaona mapepala opakidwa Tippex limodzilimodzi. Pa ntchito yotereyi mnyamata uja akunena zoona, ndipo zida zilipo kuposa kale. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Mu 2022 aphungu anachotsa milandu ya kuukira boma ndi mawu m'malamulo, ndipo mu 2025 khoti linagamula kuti kuipitsa mbiri ya munthu sikuyenera kukhala mlandu womangitsa. Komabe lamulo la zapaintaneti la 2016 lagwiritsidwapo ntchito kugwira anthu chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp, choncho sindingamuuze mtsikana uja kuti mantha ake n'ngachabe.

Pomwe ndimasiyana ndi mnyamatayo m'pakuti iye akufuna nkhani yopeka igwire ntchito ya mtolankhani ndi ya woweruza. Wolemba nthano alibe cheke m'manja. Akatchula dzina popanda umboni ndiye kuti wasanduka wamiseche, ndipo miseche ya pa Facebook yawononga kale anthu osalakwa okwanira. Pomwe ndimasiyana ndi agogo m'pakuti fisi ndi wophweka kwambiri. Fisi amaba chifukwa ndi fisi, ndipo ife omvera timakhala mbuzi zoyera mtima. Cashgate sinali choncho. Kalaliki amene anadzaza buti ndi ndalama anali mwana wa munthu. Analipirira abale ake fizi, anagula malata a tchalitchi, pamaliro anabweretsa bokosi ndi matumba a ufa, ndipo kumudzi ankati mwana wathu Mulungu wamukumbukira. Anyamata omanga nyumba ku Area 47 ndi ku Area 49 anadya nawo, ogulitsa magalimoto anadya nawo. Amayi ake sanafunse kuti ndalamazi zikuchokera kuti, ndipo enafe tikanakhala amayi akewo sitikanafunsanso. Lipoti la owerengera ndalama silingalowe m'khitchini imeneyo, ndipo khoti silifunsa zimenezo. Nkhani yopeka yokha ndiyo ingakhale pamphasa ndi mayi ameneyu usiku womwe wamva pawayilesi kuti chipatala cha kwawo chilibe mankhwala, denga lake latsopano likulira ndi mvula.

Ndinanena zimenezi pakhonde paja, ngakhale sindinazilongosole bwino chonchi. Mnyamatayo anati ndikukhululukira akuba. Agogo anati ndikunyoza nthano za makolo. Mtsikanayo sanayankhe kanthu. Anapinda pepala lake n'kufunsa ngati alipo amene akudziwa kuti kalaliki wa maakaunti m'boma ankalandira ndalama zingati pamwezi mu 2013, komanso kuti minibasi yochoka ku Kawale kupita ku Kapitolo inali ndalama zingati chaka chimenecho. Agogo analowa m'nyumba kukafufuza m'katoni momwe amasungamo nyuzipepala zakale.