Amene analemba "My Way" si Frank Sinatra

Loweruka lapitali tinali kwa telala wina wakwathu ku Mayfair, muno mu Johannesburg, tikudikira kuti atipindire mabuluku. Pa sipika panayamba kumveka "My Way", ndipo achimwene ena anati Frank Sinatra, woimba wa ku America amene anaiimba, analidi katswiri kuti alembe nyimbo yotereyi. Zimenezi ndazimva kwa zaka zambiri, ndipo zimandiwawa chifukwa mwini ntchito amaiwalika.

Mawu a Chingelezi a nyimboyi analemba ndi Paul Anka, wobadwira ku Ottawa, Canada, mu 1941. Ambiri amangomukumbukira ngati kamnyamata komwe atsikana ankakakuwira mu 1957 chifukwa cha nyimbo yake ya "Diana". Komatu "Diana" yomweyo anapeka yekha asanakwanitse zaka 16.

Ali ku France, Anka anamva "Comme d'habitude", yomwe woimba wa kumeneko Claude François anatulutsa mu 1967. Inali nyimbo ya anthu awiri okhala nyumba imodzi chikondi chitazirala. Iye anapeza chilolezo chogwiritsa ntchito chuni chake, nkhani yonseyo n'kuisiya, n'kulemba mawu atsopano a munthu wachikulire amene akucheukira moyo wake wonse osanong'oneza bondo. Anawalemba dala motsata kalankhulidwe ka Sinatra, n'chifukwa chake ife timamva ngati akuchokera pansi pa mtima wa mkuluyo. Nyimboyi inatuluka mu 1969.

Ngakhale "She's a Lady" ya Tom Jones analembanso ndi Anka yemweyo. Achimwene aja sanakhulupirire mpaka telalayo anaimitsa makina n'kufufuza pa foni.