Khoko la mphesa ndi shuga ndiwo amasiyanitsa vinyo

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg timagwira ntchito m'malesitilanti a ku Rosebank ndi Sandton, ndipo ongoyamba kumene amasowa chonena kasitomala akafunsa vinyo woyenera chakudya chake. Mukamvetsa ntchito ya khoko la mphesa ndi shuga, funsolo silikuvutaninso.

Mukafinya mphesa, ngakhale zakuda, madzi ake amatuluka oyera. Kufiira kumachokera ku makoko. Vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makokowo kwa masiku angapo, n'kutengako mtundu komanso khambi lija mumalimva mukaluma nthochi yosapsa. Mafuta a nyama amafewetsa khambilo, n'chifukwa chake vinyo wofiira monga Cabernet Sauvignon amagwirizana kwambiri ndi nyama yowotcha. Woyera amamuchotsa makoko asanawire, choncho ndi wopepuka, wowawasira pang'ono, wabwino ndi nsomba kapena nkhuku. Rosé, vinyo wofiirira pang'ono, amakhala ndi makoko kwa maola ochepa chabe.

Tsono shuga. Yisiti imadya shuga wa mphesa n'kumusandutsa mowa. Ikamudya pafupifupi yense, vinyo satsekemera, ndipo pabotolo amalemba kuti dry. Opanga akaimitsa kuwirako msanga, shuga amatsala. Ambirife timayambira wotsekemerayu, ndipo palibe chamanyazi, koma samalani: kutsekemera kumabisa ukali, pomwe vinyo wamba amakhala ndi mowa wa pakati pa 12 ndi 14 peresenti.

Dziko lino linayamba kupanga vinyo ku Cape mu 1659. Mphesa yake yeniyeni ndi Pinotage, imene Abraham Perold anapanga mu 1925 ku Stellenbosch pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Koma ine munthu wofuna kuphunzira ndimamuyambitsira pa Chenin Blanc, mphesa yodzalidwa kwambiri kuno. Ndi vinyo woyera wokoma, ndipo mtengo wake sumapweteka thumba. Wathovu wolembedwa Cap Classique amawiranso kachiwiri m'botolo momwemo, monga amachitira a ku Champagne, dera la ku France.

Chimene chimandidandaulitsa ndi kuona botolo labwino lofiira litaikidwa pafupi ndi moto wowotchera nyama mu Disembala. Likatentha, fungo la zipatso limathawa, mumangomva mowa wokhawokha. Wofiira amafuna madigiri 16 mpaka 18, ndiye kukatentha muikeni m'firiji kwa kanthawi musanatsegule. Woyera mutulutseni m'firiji pang'ono musanathire, chifukwa akazizira kwambiri samveka kukoma.