Pogona pa wophunzira wa sikolashipu ku Britain: mafunso ndi mayankho

Kodi opereka sikolashipu amakupezerani nyumba?

Kawirikawiri ayi. Pa sikolashipu ya Chevening, imene boma la Britain linakhazikitsa mu 1983, wophunzira amalandira ndalama mwezi ndi mwezi, koma kufunafuna pogona ndi kulipira lendi ndi udindo wake. Wophunzira ku London amapatsidwa zochulukirapo chifukwa nyumba kumeneko ndi zodula.

Moyo umafuna ndalama zingati pamwezi?

Malamulo a viza ya ophunzira amapereka chithunzithunzi. Kuyambira mu Januwale 2025 boma linkafuna kuti wophunzira asonyeze mapaundi 1,483 pamwezi ngati akukakhala ku London ndi mapaundi 1,136 ngati akukakhala kwina, kwa miyezi yosapitirira 9. Ziwerengerozi zimakwezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo mbali yaikulu ya ndalamayi imathera ku lendi.

Chabwino nchiti, hositelo ya yunivesite kapena nyumba ya lendi m'tauni?

Kwa munthu amene akufika koyamba, hositelo ndiyo yosavuta, ngakhale kuti mtengo wake umaoneka wokwera mukangoumva. Lendi yake imaphatikiza magetsi, madzi, intaneti ndi kutenthetsa chipinda m'nyengo yachisanu, ndipo kutenthetsako ndi chinthu chimene ife ochokera kumaiko otentha timachiiwala powerengera ndalama. Chofunika kuchenjera nacho ndi kutalika kwa pangano: ophunzira a digiri yachiwiri amasainira masabata pafupifupi 51, ndipo kuchokamo pakati pa chaka sikuthetsa ngongole.

Nyumba ya m'tauni imatsika mtengo mukagawana ndi anzanu, koma eni nyumba ambiri amafuna munthu wokhala ku Britain wolonjeza kuti adzakulipirirani mukadzalephera, ndipo mlendo amasowa munthu wotero. Mayunivesite ena amavomera kuimira ophunzira awo pa nkhaniyi, choncho nkoyenera kufunsa ku ofesi yoona za nyumba musananyamuke.

Nanga chikole chimatetezedwa motani?

Chikole ndi ndalama imene mumasiya kwa mwini nyumba polowa, yoti adzakubwezereni potuluka ngati zonse zili bwino. Ku England, lamulo la 2019 linaletsa eni nyumba kulandira chikole choposa lendi ya masabata asanu pa nyumba wamba. Mwini nyumba amene sakhala nanu pakhomo limodzi ayenera kusungitsa chikolecho ku bungwe lovomerezedwa ndi boma pasanathe masiku 30, ndi kukuuzani kumene chili. Ku Scotland malamulo ndi ena. Musatumize ndalama kwa munthu wotsatsa chipinda pa Facebook chimene inu kapena munthu wodalirika simunachione, pakuti akathyali amasakasaka ophunzira amene akadali kwawo.

Kodi wophunzira amalipira msonkho wa khonsolo?

Uwu ndi msonkho umene khonsolo imatolera kwa anthu okhala m'nyumba. Wophunzira wa nthawi zonse salipira, malinga khonsolo ilandire kalata ya yunivesite yotsimikizira kuti ali pasukulu. Koma m'nyumbamo mukakhala munthu wamkulu wosakhala pasukulu, msonkhowo umabwera, ndipo ndi bwino kugwirizana wolipira musanasaine pangano.