Golide wa m'kachipangizo koyezera malungo

Mukapita kuchipatala ku Kawale kapena ku Area 25 thupi likuphwanya, amakubayani chala n'kudontheza magazi pa kapulasitiki koyera kaja. Pakapita mphindi 15 kapena 20, mizere iwiri yofiirira yatuluka: malungo. Pa zipangizo zambiri zotere, mzere umene mukuuonawo ndi golide.

Golide akaphwanyidwa kufika pa tinthu ta mananomita pafupifupi 40, amasiya kuoneka wachikasu n'kufiira. Nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1 miliyoni. Tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000. Luso logwiritsa ntchito tinthu tating'ono chonchi limatchedwa nanotechnology.

Wasayansi akaona kuti zatheka mu labotale, amakondwera. Ife mainjiniya mutu umayamba kuwawa pomwepo. Tinthu tonse tifanane kukula, apo ayi mzere utuluka wozilala. Pepala la mkati liyendetse magazi mofanana nthawi zonse. Kachipangizoko kapirire kutentha kwa mu Okutobala kali m'lole yopita ku Salima, komanso katsike mtengo kuti boma ligule mamiliyoni. Ntchito imeneyi imadya zaka, ndipo kampani yofuna phindu la chaka chino sidikira.

N'chifukwa chake maboma amalowererapo. Ku America, Pulezidenti Bill Clinton anakhazikitsa National Nanotechnology Initiative, ndondomeko ya boma yothandizira kafukufuku wa lusoli, mu 2000. South Africa inalemba ndondomeko yake mu 2005, kenako n'kutsegula malo a kafukufukuyu ku CSIR, bungwe la boma la kafukufuku wa sayansi, ndi ku Mintek. Mintek ndi bungwe la za migodi, ndipo anzathuwa anayambira pa chimene ali nacho pansi pawo, golide yemweyo.

Nafenso pansi pathu sipali pouma. Ku Kasiya kuno kwapezeka rutile (mwala umene amapangira chitsulo cha titanium) ndi graphite (uja wa mu pensulo) wambiri. Graphene, chinthu chopyapyala ngati atomu imodzi chimene chimagwiritsidwa ntchito pa nanotechnology, asayansi anayamba kuchisenda pa graphite ndi selotepi ku Manchester, ku England, mu 2004.

Ndikanakhala ndi mpando pa zokambirana za ndalama za kafukufuku, monga za ku National Commission for Science and Technology, bungwe la boma loona za sayansi kuno kwathu, ndikanaumirira kuti amene wapempha makina oonera tinthu timeneti alembenso malipiro a wowakonza, mtengo wa zida zosinthira, ndi pomwe magetsi adzachokere akathima. Makina oterewa amanyansidwa ndi fumbi, ngakhalenso kugwedera kwa pansi lole ikamadutsa panja.