Mchere wosungunuka ndi moto si madzi amchere

Chichewa chili ndi liwu limodzi loti kusungunuka, lonena za chinthu chozimirira m'madzi komanso chosanduka chamadzimadzi ndi moto, ndipo liwuli landisowetsa mtendere pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa sayansi kuno ku Mangochi. Chaka chilichonse ndimamva ophunzira, nthawi zina ngakhale akuluakulu, akunena kuti mchere umasungunuka pa madigiri 100 chifukwa anauona ukuzimirira mumphika wa usipa wowira. Mumphikamo ndi madzi amene amamwaza mcherewo. Mchere wouma, wopanda dontho la madzi, umasanduka wamadzimadzi pokhapokha ukafika pa madigiri 801.

Chimene akatswiri amaukondera n'chakuti mitundu iwiri ya mchere ikasakanizidwa, imasungunuka msanga kusiyana ndi uliwonse pawokha. Mchere wa potassium chloride umafuna madigiri 770, koma ukaphatikizidwa ndi wathu wothira m'ndiwo, msakanizowo umasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, pamene aluminiyamu nayenso amasungunukira. N'chifukwa chake mafakitale osungunula aluminiyamu wakale amaufunditsa pamwamba pa chitsulocho kuti utole zinyalala ndiponso utchinge mpweya. Kumalo opangira magetsi a dzuwa monga ku Ouarzazate m'dziko la Morocco, amasakaniza magawo 60 a sodium nitrate ndi magawo 40 a potassium nitrate. Payekhapayekha mcherewu umasungunuka pa madigiri 308 ndi 334, koma pamodzi umakhala utasungunuka kale pa madigiri 240, ndipo amautenthetsa kupitirira madigiri 500 n'kuusunga m'matanki kuti upangitse magetsi dzuwa litalowa.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse ndi maonekedwe ake. Mchere wosungunuka ukakhala woyera umaonekera mpaka pansi ngati madzi a pampopi, ndipo umayenda mopepuka ngati madziwo. Subwata, sufuka nthunzi, sutulutsa utsi. Chinthu chotentha chimayamba kufiira chikadutsa madigiri 500, kotero mchere wa madigiri 300 supereka chizindikiro chilichonse kwa diso. Ukayamba kuoneka wachikasu kapena wobiriwira, kawirikawiri ndiye kuti wadya chitsulo cha chidebe chake. Ndi wolemeranso: mchere wa magetsi a dzuwa uja umalemera pafupifupi kawiri kuposa madzi. Ukagwera pakhungu suyenderera n'kugwa. Umauma pomwepo n'kukakamira, ukupitiriza kuwotcha mnofu.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, yemwe anayamba kuumba mapoto a aluminiyamu mbali ya ku Mpondasi. Anaona pa intaneti kuti mchere umayeretsa chitsulo, ndipo zimenezo sanamunamize. Chimene sanamuuze n'chakuti mchere umakoka chinyezi, makamaka kuno kunyanja nthawi ya dzinja. Anatapa mchere wa m'thumba lomwe linagona pansi, n'kuuponya m'chitsulo chosungunuka. Madzi akasanduka nthunzi amafufuma kuposa ka 1,600, ndipo zimenezi zikachitikira pansi pa chitsulo chamoto, zonse zimathovoka ngati zawomberedwa. Zinamugwera padzanja ndi paphazi, poti anavala mapatapata.

Ngoziyo ndikanaimvetsa. Chimene chinandikwiyitsa ndi masiku asanu amene anakhala pakhomo. Wina anamupaka mankhwala otsukira mano, wina dzira laliwisi, ndipo bambo wina wodzitcha katswiri wa zilonda zamoto anamumata phulusa losakaniza ndi mafuta, n'kulandira ndalama. Popeza pakati pa balapo sipankapweteka, onse anati likupola, osadziwa kuti bala lamoto loyera kapena lakuda losamva ululu ndilo loopsa koposa, chifukwa minyewa yomvera ululu imakhala itapsa. Pamene ankafika kuchipatala, phazi linali litatupa ndiponso likununkha. Lero amayenda, koma zala ziwiri za kudzanja zinakhwinyata.

Munthu akapsa ndi mchere kapena chitsulo chosungunuka, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osati madzi oundana. Muvuleni mphete ndi zibangili malowo asanatupe, koma musamatule chilichonse chimene chakakamira pakhungu. Phimbani ndi nsalu yoyera ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati wapsa kumaso, m'manja, kumapazi kapena m'malo opindika. Asing'anga, anansi ndi amagolosale ogulitsa makapisozi alibe chochita pa bala lotere.

Kwa amisiri amene simungasiye ntchitoyi chifukwa ndiyo imakudyetsani: umitsani mcherewo pamoto musanauthire, tenthetsani chipande ndi chikombole kuti zisakhale ndi chinyezi, valani nsapato zotseka, ndipo musagwirire ntchito panthaka yonyowa. Mchere wa mtundu wa nitrate, umene ena amaupeza ngati feteleza, musauyese n'komwe pang'anjo ya makala, chifukwa potassium nitrate ndi makala ndi ziwiri mwa zinthu zitatu zimene amapangira wonga wa mfuti.