Tindodo takumapiko timene timateteza wailesi ya ndege

Mukadzaona ndege yaing'ono itaima pabwalo la ku Makokola kapena ku Monkey Bay, mudzayang'ane kumbuyo kwa mapiko ndi kumchira. Mudzapeza tindodo takuda, towonda, toloza kumbuyo. Anthu ambiri amati ndi maeriyo, ena amati n'tothamangitsa mphenzi. Ayi ndithu. Ife amisiri a zamagetsi a ndege timatitcha ma static wick, ndipo ntchito yake ndi kutaya magetsi amene amaunjikana pathupi la ndege ikamauluka, kuti woyendetsa azimvana ndi anthu apansi.

Magetsi amenewa sachokera ku batire. Amabadwa chifukwa cha kukhulana. Miyezi ya June ndi July, mwera ukamaomba, mukavula juzi mumdima mumamva kuthetheka n'kuona timoto. Ndege nayo imakhulana ndi madontho a mvula, fumbi, utsi, makamaka timiyala ta ayezi ta m'mitambo yam'mwamba. Kanthu kalikonse kakagunda ndegeyo kamasiya magetsi pang'ono, ndipo tinthuto ndi tosawerengeka. Pansi magetsi otere akanalowa m'nthaka. M'mwamba alibe kolowera, ndiye amangochuluka, mpaka kufika mavolti oposa 100,000. Ndege ikathamanga kwambiri, nawo amaunjikana msanga.

Kuno kunyanja zowayambitsa sizisowa. Kuyambira November mpaka April mitambo ya mvula imakwera ngati nsanja pamwamba pa nyanja ndi mapiri a Namizimu, ndipo ngakhale ife pansi tikuyaka ndi thukuta, mtambo ukapitirira mamita pafupifupi 5,000 madzi ake amaundana. Mu September ndi October ndiye fumbi ndi utsi wa moto wolusa.

Magetsi akachuluka amafuna pothawira, ndipo amasankha malo osongoka. Tsoka lake, chinthu chosongoka kwambiri pandege nthawi zambiri ndi eriyo. Akayamba kutulukira pamenepo satuluka mwakachetechete: amadumpha pang'onopang'ono kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kudumpha kulikonse kumalowa mu wailesi ngati phokoso. Woyendetsa amayamba kumva kusokosera m'makutu atangolowa mumtambo, kenako kumakula mpaka mawu a oyang'anira ndege a ku Chileka kapena ku Lilongwe osamvekanso. Akatuluka mumtambomo, zii, wailesi yabwerera mwakale. Usiku amathanso kuona moto wabuluu ukuyenda pagalasi lakutsogolo kapena kunsonga za pulopela.

Pali njira zina ziwiri zimene phokosoli limabadwira. Magetsi amaunjikana pazinthu zosawadutsitsa, monga galasi ndi mphuno yapulasitiki imene imaphimba rada (chida choonera mitambo imene ili kutsogolo), kenako n'kukwawa pamwamba pake kufuna chitsulo. Komanso amadumpha pakati pa zitsulo ziwiri zimene sizinalumikizidwe bwino, monga phiko ndi kachigawo kake kakumbuyo kamene kamayenda pamahinjesi.

Mawailesi onse savutika mofanana. Amene ali pa mafunde otsika ndiwo amaona zakuda: ADF, chida chakale cholozera njira chimene chimagwira pakati pa 190 ndi 1750 kHz, singano yake imayamba kuyendayenda, ndipo wailesi ya HF, yolankhulira kutali, ya pakati pa 2 ndi 30 MHz, imadzaza phokoso. Yolankhulirana masiku onse ili pakati pa 118 ndi 137 MHz, ndipo imagwiritsa ntchito AM, imene imatola phokoso mosavuta kuposa FM, choncho phokoso lotere sililephera kulowamo. GPS, imene ili pamwamba kwambiri pa 1575.42 MHz, sikhudzidwa kawirikawiri. N'chifukwa chake ndimamva ena akunena kuti masiku ano nkhaniyi yatha ntchito. Sindigwirizana nawo. GPS imakuuza pamene uli, koma siingakuuze kuti mnzako akutsikira pabwalo lomwe iwe ukulowera. Pamabwalo ang'onoang'ono ngati athu ano oyendetsa amadalira kuuzana okha pawailesi kuti ndili apa, ndikutembenuka, ndikutera.

Vutoli linasautsa kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, moti asilikali a ku America anakhazikitsa kafukufuku wapadera wotsogoleredwa ndi Ross Gunn. Pambuyo pake Robert Tanner ndi Joseph Nanevicz a ku Stanford Research Institute anafotokoza bwino mmene phokosoli limafikira ku eriyo, ndipo tindodo tamakono tinakula kuchokera pa ntchito yawo.

Nzeru yake ndi yosavuta kuimva. Magetsiwo atuluka basi, ndiye tiwapatse khomo lathu, kutali ndi eriyo. Kunsonga kwa kandodo kuli timawaya kapena tiulusi ta kaboni tosongoka kuposa china chilichonse pandege, kotero magetsi amayamba kutulukira pamenepo asanachuluke n'komwe, mphepo n'kumawatenga. Thupi la kandodoko linapangidwa kuti lizidutsitsa magetsi movutikira, ndipo tikaliyeza timapeza ma megaohm (muyezo wa kuvutikira kwa magetsi podutsa) pakati pa 6 ndi 200, malinga ndi mtundu wake. Kuvutikirako n'kumene kumatsekereza phokoso lakunsonga kuti lisabwerere m'thupi la ndege n'kukafika ku wailesi. Ndege yaing'ono imakhala ndi tochepa, yaikulu makumi angapo.

Koma tindodoti patokha sitikwanira, ndipo apa m'pamene ntchito yambiri yagona. Magetsi a kumphuno ayenera kupeza njira yoyera mpaka kumchira. Ndiye pahinjesi iliyonse timaika kawaya koluka kolumikiza mbali ziwirizo. Pansi pa eriyo timapala penti yonse mpaka chitsulo chiwale, timamanga, kenako timamata m'mbali kuti madzi asalowe. Mphuno ya rada ndi maeriyo ena zimapakidwa penti yapadera yolola magetsi kuyenderera pang'onopang'ono. Maeriyo ambiri alinso ndi njira m'kati yotayira magetsi kuthupi la ndege asanafike pawaya wopita ku wailesi.

Nyanja yathu ilibe mchere, koma chinyontho ndi kutentha kwa Mangochi zimadya zolumikizira mosaoneka. Aluminiyamu ikayamba kuwonongeka imatuluka kaufa koyera pansi pa eriyo kapena patsinde la kandodo. Kunja zonse zimaoneka bwino, pansi wailesi imalankhula bwinobwino, vuto limadikira mtambo. Nthawi zambiri wailesi imazulidwa n'kutumizidwa kukakonzedwa, n'kubwerako atalemba kuti ilibe vuto, pomwe wolakwa ndi kawaya koduka pahinjesi. Ine ndimati mmisiri ayambe wayeza tindodo ndi zolumikizira asanakhudze wailesi.

Inu abale amene mumagwira ntchito pamabwalowa, otsuka ndege, onyamula katundu wa alendo, alonda, mbali yanu ndi yaikulu. Kandodo si chogwirira pokankha ndege, ndipo nsalu yopukutira ikakola kunsonga kwake imazula tiulusi tija. Musakapake penti kapena polishi, eriyonso chimodzimodzi. Mukaona kena kathyoka, kapsa kunsonga kapena kasowa, uzani woyendetsa asananyamuke, osakawongola nokha. Kakapsa, kawirikawiri ndiye kuti mphenzi inatulukira pamenepo, ndipo ndege yonse iyenera kuunikidwa. Buku la kampani yopanga ndegeyo ndilo limanena ngati ingauluke kamodzi katasowa, osati maso a munthu.

Ndege ikatera magetsi otsala amatha kukhalapobe, komanso mafuta akamayenda m'paipi amapanga ena. Choncho pothira mafuta, waya wolumikiza ndege ndi thanki kapena mgolo umangidwe kaye chitsekerero chisanatsegulidwe, ndipo uchotsedwe pomalizira penipeni.